Kachirombo Kotsekulira Anzake Chitseko

"Ndaona ndi maso angawa! Usandiuze zoti ndakalamba, magalasi ndinavala!"

Amayi anali ataima pakati pa kachipinda kotaipira, dzanja lina m'chiuno, lina likuloza kompyuta ngati yawatukwana. Mpongozi wawo, amene msewu wonse unkamutcha Changu chifukwa cha liwiro la zala zake pamakina, anali ataimirira nayenso, mpando utagwa chagada kumbuyo kwake.

"Amayi, zangotulukira zokha. Ine ndimalemba makadi aukwati a mayi atulukawa."

"Zokha! Mwamuna wachifuwa pamtunda, mafuta ali nyezinyezi, angotulukira yekha pakati pa makadi aukwati? Ndiye akuti chiyani paja? Ati ndili pafupi nawe. Pafupi pati? Mwana wanga akutha msana pamsewu ndi lole, iwe kuno wapeza wapafupi!"

"Sindikumudziwa munthu ameneyo, amayi."

"Iye ndiye akukudziwa. Wakupeza bwanji?"

Ali m'kati molankhula, kompyuta ija inangoti phwii, n'kutulutsa wina. Uyu anali wandevu, ndipo malaya nayenso anali atawaiwala kwawo. Amayi anavula mpango wapaphewa n'kuphimba sikirini yonse.

Kachipindako kanali kumaso kwa nyumba, khomo lake loyang'ana kumsewu. Munali kompyuta, pulinta, makina a fotokope ndi shelefu ya mapepala. Kuseri kwa chitseko cham'kati n'kumene banja linkakhala, ndipo pachitseko pomwepo panali mpando wa Bambo. Iwo anali kondakitala wa basi wopuma pantchito, ndipo ankaswera pamenepo mwendo uli pakatebulo, nyuzipepala ili kumaso.

"Bambo, inu simunenapo kanthu?" anafunsa Amayi.

Nyuzipepala inakwera pang'ono. "Ine bondo langali landigwira kuyambira m'mawa. Za makina ndi za ana izo."

"Chabwino. Mwini wake akubwera kumapeto kwa mwezi. Adzamva zonse, ndipo iwe mtsikana uyambiretu kuona kumene unasiya chikwama chako. Pofuka utsi pali moto."

Changu anadzutsa mpando n'kukhala. Banja lake lithe chifukwa cha anthu a m'chithunzi, anthu oti ngakhale moni sanapatsane nawo! Zinamuwawa kwambiri, koma chodabwitsa n'chakuti kuseka nakonso kunkamubwerera.

Nkhani ya m'nyumba ikanatha kugona m'nyumba, koma Amayi anali mtsogoleri wa kwaya, ndipo pakamwa pawo sipankasunga kanthu. Anauza mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana, ati kuti awathandize kupemphera. Wosokayo anauza wometa, wometa anauza aliyense amene anakhala pampando wake. Sabata isanathe, kachipinda kotaipira kanayamba kudzaza kuposa kale. Munthu ankabwera ndi kapepala kamodzi koti fotokope, maso ali pasikirini, khosi litatalika. Ena ankabwera chimanjamanja n'kumafunsa ngati magetsi alipo, babu likuyaka pamutu pawo.

"Mlamu, ndithandizeni, ndatha ine," anatero Changu pafoni. Ankalankhula ndi mlongo wa mwamuna wake, amene ankakonza mafoni ndi makompyuta kumsika.

Mlamuyo anafika masana ndi kachikwama ka zida, fulashi ikulendewera pakhosi. Anali mkazi wamfupi, wosekaseka, wosaopa mayi ake ngakhale pang'ono. Anachotsa mpango pasikirini, n'kumuyang'ana wandevu uja bwinobwino.

"Koma alamu, maso muli nawo. Uyu ndiye waposa achimwene."

"Iwe! Ukuseka nkhani ya manyazi?" anakalipa Amayi.

"Amayi, munthu uyu wapita m'makompyuta a dziko lonse, ngakhale a abusa. Khalani pansi ndikuuzeni. Muno mwalowa kachirombo, ife timati torojani. Kameneka sikathyola chitseko ayi. Kamabwera katavala bwino, n'kunena kuti ndine pulogalamu yaulere, ndiikeni ndikuthandizeni. Munthu n'kudina kuti inde. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ndiye kamajambula amuna?"

"Ayi, ikoko sikachita zambiri. Ntchito yake n'kutsekulira anzake chitseko basi. Kakangomva kuti intaneti yalumikizidwa, kamaitana abale ake. Kubwera wa zithunzi uyu, kubwera wakuba mawu achinsinsi, kubwera wodya bandulo. N'chifukwa chake makina akukwawa chonchi. Mukathamangitsa alendowo n'kusiya wapachitseko, mawa adzadzanso."

"Ehe! Wanena wekha kuti munthu anadina. Amene amakhala pampando uwu kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndani?"

Mlamu anayamba wazimitsa karauta ka intaneti kuti kachirombo kasowe woitana. Kenaka anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso mwa njira ina, imene imadzutsa zofunika zokhazokha n'kusiya zina zonse zili m'tulo. Anaika antivairasi yatsopano yochokera pafulashi yake, naisiya kuti ifufuze paliponse. Inatenga nthawi yaitali, mpaka Bambo anatembenuza nyuzipepala yawo n'kuyambiranso tsamba loyamba. Pamapeto pake panatuluka mndandanda wofiira, ndipo mlamu anafufuta zonse. Anayang'ananso mapulogalamu amene amadzuka okha makina akayatsidwa, n'kuzula tina tachilendo timene tinadzimata pa chotsekulira intaneti.

"Wapachitseko uja nayu," anatero akuloza. "Akudzitcha choonera mavidiyo."

"Mavidiyo!" Amayi anaomba m'manja. "Mavidiyo a chiyani?"

"Sindingadziwe. Amene anakaika anafufuta mbiri yonse ya kumene anayenda."

"Mwamva, bambo? Wakuba wosesa mapazi ake!"

Bambo anatsokomola, n'kupempha madzi akumwa.

Mlamu anamuuza Changu kuti asinthe mawu achinsinsi onse, a imelo ndi a tsamba la shopu, koma asinthire pafoni, osati pakompyutapo. Anatenganso mafulashi a makasitomala amene anali m'kabati n'kuwapima imodziimodzi. Potuluka anamutsina Changu patsaya.

"Yayera tsopano. Koma linda madzi apite ndiye uziti ndadala."

Madzi sanapite. Kwa masiku angapo kompyuta inathamanga ngati yatsopano, ndipo Changu anayambanso kuimba potaipa. Lamulungu shopu inali yotseka. Iye ndi Amayi anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse, Bambo n'kutsala ndi bondo lawo. Lolemba m'mawa, mkulu wampingo ataima pambali kudikira ndondomeko ya mapemphero, wandevu uja anangoti tulukiru, ndipo ulendo uno anabwera ndi mnzake.

Mkulu wampingo anavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso. Amayi anafuula mpaka wosoka zovala anasiya makina ake n'kubwera ndi tepi pakhosi.

Mlamu atabweranso sanaseke. Anachita zonse zija kachiwiri.

"Aka sikanatsalire ayi. Kaikidwanso mwatsopano, dzulo masana."

"Dzulo uyu anandisiya kukwaya, ati mutu ukumupweteka," anatero Amayi. "Mutu wake ndi umenewu!"

"Ndinangofikira kugona, amayi. Bambo analipo, afunseni."

"Ine ndinamwa mankhwala a bondo n'kugona tulo tofa nato," inayankha nyuzipepala.

Mlamu anawayang'ana bambo akewo, n'kuyang'ananso makina. "Chabwino, tichite chonchi. Ndikutseka kompyutayi kuti pasapezeke woika pulogalamu iliyonse popanda mawu achinsinsi. Kutaipa, kupulinta, zonse zitheka. Koma kuika chatsopano, mpaka mawuwo. Ndipo ndiuza alamu okha."

"Kiyi kumupatsa wakuba?"

"Eya, amayi. Kakabweranso ndiye kuti mlandu wanu walimba."

Amayi anaganiza pang'ono, nkhope n'kuwala. Msampha woterewu anaukonda kwabasi.

Kuyambira tsiku limenelo pasikirini sipanaonekenso chifuwa cha munthu. Changu ankayembekeza kuti Amayi afewa. Koma kodi munthu amene wagamula kale mlandu amasowa umboni? Zithunzi zikabwera, unali umboni. Zitasiya, unali umboninso.

"Mwaona? Atangodziwa kuti agwidwa, wasiya," ankatero Amayi pakhonde, mokweza kuti wosoka zovala asavutike kutchera khutu.

Loweruka masana Amayi atapita kumsika, Changu anamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwake. Bambo anali atasiya mpando wawo. Anaima pafupi ndi pulinta, n'kuyamba kuisisita ngati mbuzi imene akufuna kugula.

"Mwana wanga, ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda, bambo."

"Eya. Umagwira ntchito iwe, ine ndimaona." Anayang'ana kumsewu, n'kutsitsa mawu. "Timawu tija anakunong'oneza mlamu wako tija, ndi tambiri?"

Zala za Changu zinaima. "Mukutifuna, bambo?"

"Ayi, ine ayi. Kungoti mawa kuli fainolo ya mpira. Ndiye pali katsamba kena, anandionetsa mnzanga wina wa kudepoti ya mabasi, kamaonetsa mpira wakunja ulere. Koma kamati uyambe waika choonera chake. Lamulungu lathali ndinadina, ndinadina, koma makina akungofunsa mawu. Mpira wonse ndinamvera pawailesi ngati munthu wakale."

Changu anatembenuka ndi mpando womwe. Anawayang'ana apongozi akewo kuyambira kumutu mpaka kubondo. Sanadziwe ngati alire kapena agwe pansi ndi phwete.

"Bambo, ndiye kuti ndinu?"

"Aa, ine ndimangoonera mpira. Za amuna opanda malayazo sindikuzidziwa. Ndikamaliza ndimafufuta bwinobwino kuti mayi ako asadziwe."

"Choonera chimenecho ndiye kachirombo kaja, bambo. Mlamu ananena inu muli pomwepo."

"Ndinamva, koma ndinkati mwina ndi choonera china. Zoonera n'zambiri pa dziko lapansi." Anakanda m'mutu. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndagwa ine, mwana wanga."

"Mwagwa inu, koma wathyoka ndine. Msewu wonse ukundiloza chala. Mawa amuna anga akufika. Auzeni amayi, chonde."

"Ndiwauze kuti Lamulungu ndimatsala chifukwa cha mpira? Iwe, sukuwadziwa mayi ako! Zaka zonsezi akhala akupempherera bondo ili, mpaka kwaya inabwera kudzaliimbira." Anapumira m'mwamba. "Ndinena. Ndipeza mpata wabwino. Koma timawuto..."

"Ayi, bambo. Pepani, koma ayi."

Aka kanali koyamba kuwakaniza kanthu chilowereni m'banjamo. Bambo anabwerera kumpando wawo, ndipo Changu anaona kuti popita ankatsimphina ndi mwendo wina, osati uja anabwera nawo.

Mpata wabwino uja sunapezeke. Madzulo Bambo anatsekula pakamwa kawiri konse, koma ulendo woyamba anapempha mchere, wachiwiri anayamikira nyengo.

Dalaivala wa lole uja, mwamuna wa Changu, anafika Lamulungu masana, maso ali psuu ndi tulo, malaya akununkha dizilo. Asanavule n'komwe nsapato, mayi ake anamukhazika pabalaza. Mlamu nayenso anali atabwera. Panja, anthu amene anamva kulira kwa lole anayamba kupeza zochita pafupi ndi khonde. Wometa anatulutsa benchi, wosoka zovala anabwera kudzalowetsera ulusi m'singano pawindo ati kwake kuli mdima.

Amayi anayala mlandu wonse, kuyambira wamafuta mpaka wandevu, osasiyako ngakhale chipewa cha mkulu wampingo. Mlamu anayesa kufotokoza za kachirombo, koma anamudula.

"Iwe unanena wekha kuti munthu anadina. Ndipo chitsekereni makina, zasiya. Tikufunanso chiyani?"

Dalaivala anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. Sanamuyang'ane mkazi wake.

"Ine mutu wanga sukugwira. Mwina, akazi anga, mukanapita kaye kwanu masiku ochepa, zinthu zizizire. Tidzakambirana."

Mawu amenewo anamulasa Changu kuposa zonse zimene Amayi anakamba mwezi wathunthu. Mwamuna wake sanamufunse n'komwe! Anayang'ana kwa Bambo. Nyuzipepala inali itakwera mpaka kubisa ndi tsitsi lomwe.

Changu analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi chikwama. Sanalire. Anachiika pakhomo, nabwerera kudzagwada patsogolo pa mpando wa Bambo mwaulemu wonse, manja ali pamodzi.

"Bambo, ndikupita. Koma sindingachoke ndi mlandu pamtima. Dzulo munandipempha mawu achinsinsi a kompyuta kuti muikenso choonera mpira chanu chija, ine ndinakukanizani. Mwana sakaniza kholo. Mundikhululukire. Poti fainolo ikuyamba posachedwapa, mawuwo ndikuuzeni pompano, kapena ndiwasiyire amayi?"

Kunja, benchi ya wometa inalira chifukwa onse anapendekera mbali imodzi.

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. "Choonera chiyani?"

Nyuzipepala inatsika. Bambo anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana chitseko, n'kudzambatuka. Ndodo inatsala pansi. Anadumpha katebulo ngati mnyamata, ndipo akanafika panja mlamu akanapanda kuima pakhomo atatambasula manja, misozi ya kuseka ikutsika.

"Bondo lapola! Amayi, mapemphero anu ayankhidwa!"

"Ndine, ndine!" anatero Bambo manja ali m'mwamba. "Mwanayu alibe mlandu. Ndinkaonera mpira Lamulungu lililonse. Bondo linapola chaka chatha, kungoti ndinasowa poyambira kunena."

"Chaka chatha! Ine kusala kudya, ine kukusisitani ndi mafuta, ine kubweretsa kwaya yonse m'nyumba muno! Ndiye inu phee pampandopo, mwana wa eni ake akulongedza chikwama?"

"Ndimafuna mpata wabwino."

"Mwaupeza!"

Zimene Amayi anawauza Bambo pambuyo pake sitingazilembe zonse, koma wosoka zovala akuti anaphunzirapo mawu atsopano. Dalaivala anali atagwira chikwama chija, akuchisuntha uku ndi uku, osadziwa poika maso.

"Mayi, ine ndinali wotopa. Pepani."

"Kutopa sikuletsa kufunsa," anatero Changu. "Yanu nkhani tikamba awiri, mukagona n'kudzuka."

Mpweya utawathera, Amayi anakhala pansi. Anali munthu waukali, koma chilungamo chikawagwira sankachithawa. Anamuitana Changu n'kumugwira dzanja.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Ndinaona ndi maso, koma sindinafunse ndi pakamwa. Bweza chikwamacho kuchipinda. Zatha."

Changu akanatha kuvomera, n'kulowa kukatereka madzi a tiyi, ndipo aliyense akanamutcha mkazi wabwino. Koma anakumbukira makosi aja otalika ndi tipepala ta fotokope.

"M'nyumba muno zatha, amayi. Koma panja sizinathe. Amene ali pawindowa amva, nanga ena aja? Mawa ndikapita kumsika adzandilozabe. Nkhaniyi inatuluka ndi inu khomo ndi khomo."

"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata," anatero mlamu, akudzipukuta m'maso. "Wanu mlomo, amayi, wadzaza msewu."

Amayi anamuyang'ana mwana wawoyo moti wina akanapsa. Kenaka anaimirira, n'kumanga bwino duku lawo.

"Tiye. Inunso bambo, patsogolo. Ndodo isiyeni pomwepo, anthu aone okha."

"Koma fainolo..."

"Patsogolo!"

Anatuluka atatu, Bambo akuyenda mowongoka ngati msilikali, Amayi atamugwira Changu pamkono. A pabenchi anabalalika, aliyense kuthamangira kwake kuti akapezeke pakhomo. Wosoka zovala anafika kwake akupuma wefuwefu, n'kukhala pamakina ngati sanachokepo.

"Odi kuno!" anatero Amayi. "Anzanga, ndabwera kudzatenga mawu anga amene ndinasiya pano. Uyu ndi mwana wanga, alibe banga. Zimene ndinakuuzani zija ndinamunamizira. Wolakwa ndi mkuluyu, ndi ine amene ndinathamanga ndi pakamwa. Monga munathandiza kufalitsa zija, muthandizenso izi."

"Aa, ife ndiye sitinakhulupirire n'komwe," anatero wosoka zovala.

"Mwachita bwino. Tsalani."

Atatuluka pampanda, Amayi anapukuta thukuta. Manyazi anali atawagwira zenizeni, ndipo Changu anaona zimenezo. Anawamvera chisoni, koma sanabwerere.

"Makomo atsala angati, mwana wanga?" ananong'ona Amayi.

"Msewu wonse, amayi," anayankha Changu. "Mbali zonse ziwiri."